Anamulemekeza mpaka mlendo anapakira zikwama

Lachitatu lapitali ndinakwera njinga yamoto ya kabaza m'chiperoni, kulowera ku esiteti ina ya tiyi kuno kwathu ku Thyolo, kope nditalibisa m'jekete kuti lisanyowe. Akonzi a nyuzi ino anali atamva kuti kumeneko kuli mtsikana wa ku Ethiopia amene amaphunzira za nthaka pa koleji ina muno m'dziko, ndipo wabwera kudzakhala miyezi itatu akuyeza dothi la m'minda ya tiyi. Anandituma kuti ndikacheze naye, inu owerenga mumveko za kwawo.

Amene mwakhala mukuwerenga danga lino mukudziwa kuti ine pakamwa mpolemera. Mafunso ndinachita kulemberatu kunyumba, khumi ndi awiri, kuopa kuti ndikafika ndikangokhala duu.

Mtsikanayo dzina lake ndi Selam. Akukhala kwa bambo Namakhwa, kapitawo wa otchola tiyi, m'nyumba ya njerwa kumapeto kwa malaini a nyumba za antchito. Amene anandilandira ndi mayi Namakhwa, mayi wojintcha wa mawu aakulu amene amagulitsa nthochi ndi mapeyala kumsewu. Atandiyang'anitsitsa anandizindikira, chifukwa ali mtsikana ankatchola tiyi mzere umodzi ndi malemu agogo anga amene anandilera.

"Kodi si iwe kamwana kosayankhula kaja? Ndiye lero akulemba ntchito yofunsa anthu mafunso? Dziko latembenuka."

Selam anafika atavala magambutsi, zikhadabo zili psuu ndi katondo. Ndi wamtali, wochepa thupi, wa maso oseka. Chichewa chake ndi cha mawu owerengeka: moni, zikomo, pang'onopang'ono, ndakhuta. Choncho tinacheza m'Chingerezi, titakhala pakhonde lakumaso.

Funso langa loyamba linali la dzina la banja lake. Anati kwawo kulibe zimenezo. Dzina lake lachiwiri ndi dzina loyamba la bambo ake, ndipo ngakhale adzakwatiwe silidzasintha. Ndinakumbukira anzanga amene anatha nsapato m'maofesi posintha mayina atakwatiwa, ena n'kubwereranso komweko banja litatha.

Kenako anandiuza kuti kwawo chaka chili ndi miyezi khumi ndi itatu. Khumi ndi iwiriyo ndi ya masiku makumi atatu uliwonse, wotsalawo ndi kamwezi ka masiku asanu, nthawi zina asanu ndi limodzi. Chaka chatsopano chimayamba mu Seputembala, mvula yawo ikamatha, mapiri atachita chikasu ndi maluwa. Komanso zaka zawo zili m'mbuyo mwa zathu ndi zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu. Ndinamufunsa ngati nditapita kumeneko ndingakabwerere ku utsikana. Anati ndikayese, koma mawondo sanamizika.

Za wotchi ndiye zinandipha ndi kuseka. Iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti nthawi imene ife timati seveni koloko m'mawa, kwawo ndi wani koloko. Ndisanayankhe anandifunsa kuti kodi ndani anaganiza zoti tsiku liziyamba pakati pa usiku anthu onse ali mtulo. Inu mukanamuyankha chiyani? Wotchola tiyi aliyense amadziwa kuti tsiku limayamba kukacha.

Ndinafunsanso kuti anthu kuno amulandira bwanji. Anaseka pang'ono n'kunena kuti pamsika awiri atatu anamufunsa ngati anabwera m'lole. Sanawakwiyire. Anati amene timawamva pawailesi atapezeka m'malolewo ndi abale akenso, koma dziko lawo ndi lalikulu, la zilankhulo zambiri, la Akhristu ndi Asilamu, ndipo si lole ayi. Ndinalemba zimenezo n'kudula mzere kunsi kwake.

Atatero anati sitingacheze za Ethiopia pakamwa pali pouma. Anabweretsa mbaula, kachiwaya, ndi khofi wosakazinga amene anagula kwa mlimi wina. Tangoganizani, pakati pa minda ya tiyi! Anakazinga njerezo mpaka zinada n'kuyamba kunyezimira, kenako anabwera nacho chiwayacho pafupi ndi nkhope yanga kuti ndidzikupizire utsi wake ndi dzanja. Anasinja mu kamtondo, n'kuphika mu kamphika kadothi kakuda ka khosi lalitali, kamene anabwera nako kuchokera kwawo atakakulunga m'juzi. Amakatcha jebena. Pambali anaika mbuliwuli.

Khofi ameneyu samwa mothamanga. Amathira katatu, ndipo kuchoka utangomwa kapu yoyamba ndi mwano, chifukwa yachitatuyo ndiyo ya madalitso. Kwawo, anatero, amayi ake akayamba kukazinga amaitana anzawo oyandikana nawo, mawa lake n'kukamwera kwa wina. Pamenepo mpamene amauzana za matenda, za ukwati, za mbuzi yosowa.

Mayi Namakhwa anadutsa ndi ndowa pamutu, n'kufunsa uku akuyenda kuti tapsereza chiyani. Sanaime.

Ine ndinali kuyang'ana makapu. Selam ali ndi timakapu tisanu ndi kamodzi, topanda zogwirira. Kamodzi kokha ndi kamene kanali ndi zipsera za khofi m'kati. Tinato tinali mbee, ngati tangochoka m'sitolo. Ndiponso polowa m'nyumba kukasiya jekete ndinali nditaona, chitseko cha kuchipinda kwake chili chotsekula, zikwama ziwiri zomanga kale zili pakona. Munthu amene watsala ndi miyezi iwiri samanga zikwama.

Funso limeneli munalibe m'kope mwanga, ndiye ndinalisunga kaye.

Nthawi ya nkhomaliro itakwana, mayi Namakhwa anatiitanira pabalaza. Anabwera ndi thireyi yoyalidwa kansalu koluka, mbale zovindikira zija zimatuluka m'kabati pa Khirisimasi pokha, masupuni ndi mafoloko. M'mbalemo munali mpunga ndi mazira okazinga. Anagwada pang'ono, anati kalibu, anatuluka, n'kutseka chitseko mwaulemu. Kuseri kwa nyumba kunkamveka phwete la amayi.

Selam anavundukula mbale ya mazira, anaiyang'ana, n'kuvindikiranso.

Apa mpamene ndinamva zimene sindinapitire. Iye ndi wa mpingo wakale wa kwawoko, ndipo Lachitatu ndi Lachisanu amasala: sadya nyama, mazira, ngakhale mkaka. Tsiku limene anafika pakhomopo linali Lachisanu. Anamuphera nkhuku, iye n'kudya masamba okha. Ndinamufunsa chifukwa chake sanawauze bwinobwino. Anati mlendo angauze bwanji eni nyumba zoti aphike, pomwe akuona kuti akumupatsa zabwino zawo zonse? Ndiye amangonena mawu amene amawadziwa aja, ndakhuta, mbale n'kubwerera.

Koma chachikulu sichinali chimenecho. Kwawo anthu amadyera m'mbale imodzi yaikulu. Amayalamo injera, chinthu chopyapyala chowawasa ngati chikondamoyo chotambalala, chopangidwa ndi ufa wa timbewu tating'ono kuposa mawere, ndiwo n'kuziika pamwamba. Ndipo pali mwambo wotchedwa gursha: munthu amene umamukonda kapena kumulemekeza, umakulunga chakudya ndi dzanja lako n'kumuika m'kamwa. Mwana amatero kwa amayi ake, mnzako kwa mnzake, mwini nyumba kwa mlendo.

Lamulungu loyamba, pofuna kukonza za nkhuku zija, Selam anapita kuseri kumene banja linkadya, anasamba m'manja, anatenga nthongo yabwino n'kulunjika nayo pakamwa pa mayi Namakhwa. Mayiwo anabweza mutu m'mbuyo ngati aona njoka. Kuyambira tsiku limenelo thireyi sinaphonyepo, ndipo chitseko chimatsekedwa. Masabata asanu. Ndiye anapempha ku ofesi ya esiteti kuti amupezere kachipinda kayekha, ndipo galimoto inali yoti idzamutenga Loweruka.

"Kwathu munthu amadya yekha ngati alibe wina aliyense padziko," anatero. "Achemwali, ndinawalakwira chiyani amayi, kuti andichotse pambale?"

Funso limenelo linandilowa pamalo pamene ndinkayesa kuti panapola kale.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono. Ndisanapite kwa agogo ndinakhalako chaka chimodzi kwa achibale ena ku Limbe. Sankandimenya, sankandimana. Kungoti ine ndinali ndi kambale kangakanga kapulasitiki, ndipo ndinkadyera pa sitepe ya kukhitchini, ana awo akudyera limodzi m'nyumba. Agogo atabwera kudzandiona n'kupeza zimenezo, sanakangane ndi munthu. Anangoti ndinyamule zovala. Agogowo sanali munthu wa nthano kapena wa mawu okoma. Anali wamtima wapachala, zala zawo zakuda ndi zong'aluka chifukwa cha tiyi. Koma kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene ndinapita ku sekondale, dzanja langa ndi lawo zinkakumana m'mbale imodzi.

Ndiye mbale yapadera ndimaidziwa. Yanga inali yapulasitiki, ya Selam yagalasi ya maluwa. Ine anandipatula chifukwa ndinali wapansi, iye anamupatula chifukwa ndi wapamwamba. Koma kodi pakhosi pamasiyanitsa? Ukamatafuna wekha uku ukumva anzako akuseka kuseri kwa khoma, chakudya chimatsika mofanana.

Ndinanamizira kuti ndikufuna madzi osamba m'manja, n'kuzungulira kuseri. Mayi Namakhwa anali pamkeka ndi mayi wina woyandikana nawo, pakati pawo pali beseni la chinangwa chophika ndi mbale ya nandolo wothira tomato. Sindinafunse n'komwe. Atangondiona anayamba okha, motsitsa mawu, zimene kwa iwo ndi zovuta.

Anati mtsikanayo ndi wabwino, amasesa, amatunga madzi, koma chakudya chawo amanyansidwa nacho. Anamuphera nkhuku yoikira mazira, osaigwira. Amamukazingira mazira, tsiku lina adya, tsiku lina abweza. Ndipo tsiku lina anafuna kuwadyetsa ndi dzanja ngati agonekedwa m'chipatala. Mnzawo uja analowererapo kuti iye ndi amene anawachenjeza: chakudya chochokera m'dzanja la munthu kulowa m'kamwa mwako chimakhala ndi nkhani, ndani sadziwa za kondaine? Choncho anagwirizana kuti mwina mlendoyo akufuna ulemu wa kutauni, ndiye anatulutsa mbale za m'kabati.

"Tsopano akuti Loweruka akuchoka," anatero mayi Namakhwa. "Malaini onsewa adzati kwa akapitawo kunathawa mlendo. Ndidzayenda bwanji pamjigo?"

Anthu awiri, khoma limodzi pakati, aliyense akudziona kuti wakanidwa ndi mnzake.

Chibadwa changa chinkandiuza kuti ndilembe zimene ndamva, nditsanzike, ndikwere njinga. Ndinatumidwa kudzafunsa, osati kudzaweruza milandu. Koma ndinakhala pansi pamkekapo n'kulankhula mawu ambiri kuposa amene ndalankhula chaka chino chonse. Ndinafotokoza za Lachitatu ndi Lachisanu. Ndinafotokoza za gursha, kuti kwawoko munthu sadyetsa wodwala yekha, amadyetsanso amene wamutenga ngati mayi wake.

Mayi Namakhwa anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anawomba m'manja kamodzi.

"Ndiye masabata onsewa ndakhala ndikulanda nkhuku zanga mazira, pomwe munthu akufuna nandolo? Kamuitane. Thireyiyo uisiye komweko."

Selam anabwera mwamantha, anasamba m'manja, n'kukhala m'mphepete mwa mkeka. Mayiwo anamukoka mkono kuti asendere. Selam atalawa anati nandoloyo akumukumbutsa ndiwo ina ya kwawo ya masiku osala. Patapita kanthawi mayi Namakhwa anatsokomola, anakonza chitenje, n'kundiuza kuti ndimuuze mtsikanayo ayesenso zija.

Selam ananyema chinangwa, anachisunsa mu nandolo, n'kutambasula dzanja. Mayiwo anatsinzina ngati mwana amene akumwetsedwa kwinini, n'kuyasamula. Anatafuna, anameza, anatsegula diso limodzi, n'kuuza mnzawo uja kuti akaona zachilendo mawa adziwe pamene zayambira. Selam anati kamodzi sikakwanira, kwawo kudyetsa munthu kamodzi kokha n'kumuputa. Anawapatsanso. Ndiye anachita cholakwa chimodzi: anawauza kuti nthongo ikakula, ndiye kuti chikondinso n'chachikulu.

Amene mumawadziwa amayi a kuno mukudziwa kale zimene zinatsatira. Mayi Namakhwa anasankha chinangwa chachikulu m'beseni lonse, anachikanya ndi nandolo mpaka chinafanana ndi peyala, n'kuuza mtsikanayo kuti ayasamule. Selam anayesetsa. Masaya anatupa, misozi ikutsika, ndipo sindinganene kuti yonse inali ya kuseka.

Nanenso sanandisiye. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinayasamula. Zala za mayi Namakhwa ndi zokhakhala, zong'aluka m'mphepete, za munthu amene anatchola tiyi zaka zambiri. Zitandikhudza pamlomo ndinayang'ana kumbali, kuminda, kwa kanthawi ndithu.

Bambo Namakhwa anatipeza tili choncho, atavala chijasi chawo cha mvula. Akazi awo sanawafotokozere kalikonse. Anangokonza nthongo n'kuwalozetsa nayo.

"Pa anthu pano, amake Chikondi? Ine ndi kapitawo."

Anawayankha kuti ukapitawo unatsala kuminda, pano ayasamule. Bambowo anayang'ana uku ndi uku ngati pali wotchola tiyi amene akuona, anatembenukira ku nthochi, n'kulandira. Atameza anafunsa ngati ku Ethiopia amachita zimenezi tsiku lililonse, ndipo ngati kuli minda ya tiyi yofuna kapitawo.

Pobwerera panjinga ndinkaganiza za ulemu wathuwu. Ife timanyadira kuti timadziwa kulandira alendo, ndipo n'zoona. Koma taonani mmene timachitira. Mlendo akafika timagwira nkhuku tisanamufunse ngati amadya nkhuku. Timathamangitsa ana pabalaza. Timamuikira chakudya, n'kumutsekera chitseko kuti adye momasuka, ife n'kukadyera kuseri zimene timazikonda zenizeni. Kalongonda, makata, chinangwa, timabisa ngati ndi zochititsa manyazi. Mlendo amachoka atakhuta, koma osatidziwa.

Sindikunena kuti mwambowu ndi woipa. Unayamba ndi mtima wabwino, woti munthu wochokera kutali asachite manyazi kutapa ndiwo pamaso pa eni ake. Kwa mlendo wa tsiku limodzi ndi wabwino ndithu. Paja amati mlendo ndi mame. Nanga mamewo akakhala miyezi itatu? Nanga akakhala mpongozi amene wabwera kudzakhala, kapena mphunzitsi watsopano amene tamupatsa chipinda, kapena agogo amene tawatenga kumudzi n'kumawaperekera chakudya kuchipinda kuti asavutike kuyenda?

Ndipo sindikunena kuti mawa muyambe kuika zala m'kamwa mwa apongozi anu. Mudzandiitanira milandu. Selam mwiniwake anavomera kuti naye analakwa kuyamba ndi dzanja asanayambe ndi pakamwa. Onse awiri anali ndi ulemu wochuluka moti palibe amene analimba mtima kufunsa mnzake. Safunsa anadya phula, koma apa safunsa anali pafupi kutaya mwana amene anadzera yekha pakhomo.

Loweruka masana ndinaimbira foni mayi Namakhwa. Anati galimoto ya esiteti inabweradi, koma inabwerera yopanda zikwama. Dalaivala anamukhazika pakhonde, ndipo atamwa kapu yoyamba ya khofi n'kufuna kunyamuka, mayiwo ndi amene anamuuza kuti kuno sitichoka tisanamwe yachitatu. Anati "kuno", ngati mwambowo anabadwa nawo. Mnzawo wa kondaine uja akuti tsopano amabwera ndi mbuliwuli zake. Dandaulo lawo ndi limodzi lokha, loti mtsikanayo wathira tsabola wa kwawo mu nandolo ndipo akapitawo akhala akuyetsemula kuyambira Lachinayi.

Selam akhala pakhomopo mpaka amalize kuyeza dothi lake.

Inu madzulo ano, chakudya chikapsa, tawerengani mbale. Ndani pakhomo panu amene mukumulemekeza kwambiri moti amadya yekha, ndipo munamufunsapo ngati amafuna choncho?